Buledi m'botolo la ku thiyeta

Achemwali anga amagonetsa anthu. Ndiyo ntchito yawo. Dokotala asanagwire mpeni, iwo amakhala kumutu kwa bedi la opaleshoni, kumuvundikira wodwala masiki ya labala pamphuno ndi pakamwa, n'kutsegula mpweya wa fungo lotsekemera koma lolasa m'mphuno. Munthu amapuma kangapo, maso n'kutembenuka, basi wapita. Akaweruka fungolo limatsalira m'tsitsi, moti ana awo amadziwa kuti amayi afika asanawaone n'komwe.

Pachipatalapo sakondedwa, ndisaname. Ali ndi pakamwa. M'mawa amalowa m'wodi, kutsegula timakabati ta odwala, kununkhiza makapu, kufunsa funso limodzimodzi mpaka munthu kutopa nalo: wadya chiyani? Odikirira odwala anawapatsa dzina loti Apolisi. Tsiku lina anabweza bambo wina wovala taye atamupeza ndi nyenyeswa za bisiketi m'ndevu, bamboyo akulumbira pali Mulungu kuti sanalawe kanthu. Kunyumba nkhaniyi tinkaiseka mpaka misozi.

Iwo sankaseka. "Mpweya uja sugonetsa maso okha," ankatero. "Umagonetsa ndi pakhosi pomwe. Iwe ukatsamwa umatsokomola. Amene ndamugonetsa satsokomola, sameza. Zam'mimba zikabwerera zimatsikira m'mapapo, ndipo kumeneko sungazitole ndi supuni."

Ndiye kunabwera nkhani ya mwana wa achimwene athu, kamtsikana kosayamba n'komwe sukulu, kolongolola ngati wailesi. Kanali ndi chotupa pamchombo. Opaleshoni yaing'ono, anatero madokotala, mawa lake akhala akusewera. Wogonetsa mnzawo wa achemwali anali patchuthi, choncho ntchitoyo inagwera iwo. Alamu athu anali ndi khanda kunyumba, ndiye wodikirira mwana kuchipatala anali amayi athu.

Amayi athuwo! Mlendo asanakhale n'komwe pansi, iwo atereka kale madzi pamoto. Kwa iwo, wodwala amene sakudya ndiye kuti abale ake amutaya. Achemwali anawauza ine ndili pomwepo: "Akagona lero asalawenso kanthu mpaka titamaliza. Alire, agubuduke, musamupatse."

M'mawa mwake mzere wa opaleshoni unachedwa. Kunabwera mayi wovutika pobereka, anayamba ndi iyeyo. Dzuwa linakwera mwana akulirira njala. Ine pofika masana ndinamupeza ali phee pamiyendo pa agogo ake, akuseweretsa mpango wawo, ndipo ndinangoti watopa nako kulira.

Achemwali anatulukira pakhomo la thiyeta, chipinda cha opaleshoni, chipewa cha pepala kumutu.

"Amayi, mwanayu wadya?"

"Adya chiyani? Si unaletsa wekha?"

"Ngakhale tiyi?"

"Iwe, ndinakubala ndine. Ukufuna undinunkhize m'kamwa ngati anthu ako aja?"

Anamwino anaseka. Achemwali anayang'ana chikwama cha amayi pansi pa benchi, ndinawaona ndi maso angawa. Chikanakhala cha munthu wina akanachikhuthulira pasimenti pomwepo. Koma ndani amapisa m'chikwama cha mayi ake pagulu? Ananyamula mwana n'kulowa naye.

Za m'katimo anandiuza okha madzulo a tsikulo. Mwana anapuma mpweya uja bwinobwino, akuwerenga zala za azakhali ake, n'kugona. Mpeni usanamukhudze, kamimba kanadumpha. Anamutembenuzira cham'mbali, kumutsitsa mutu, kulowetsa paipi yoyamwa m'kamwa, kutseka mpweya wogonetsa n'kusiya okosijeni yekhayekha. M'botolo la makina oyamwawo munagwa tiyi wamkaka ndi buledi. Milomo ya mwana inada.

Anamugoneka pa okosijeni, kachifuwa kakulowa m'kati pakupuma kulikonse. Achemwali sanachoke pambali pake, sanasinthe ngakhale zovala. Mawa lake masana mwana anatisiya.

Tsono mundimve. Achimwene anafika akukuwa khonde lonse. "Mwamuchulukitsira mankhwala! Mwana analowa akuseka! Ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku, mwaphera mwana wanga!" Alamu, amalume, onse anagwirizana kuti mpweya unachuluka. Mpaka lero m'banja mwathu nkhani imayenda choncho, ndipo imandipsetsa mtima ngati yachitika dzulo. Munthu wadikirira ana a eni zaka zonsezi, kuwagonetsa n'kuwadzutsa amoyo, lero abale ake enieni akumuloza chala ngati mfiti. Chimene chinandipweteka koposa n'chakuti achemwali, a pakamwa aja, amene sasungira munthu mawu ngakhale atakhala bwana, anangoima njo, manja m'matumba a yunifolomu.

Ndinawakokera pambali. "Auzeni za botolo lija!"

"Kuti atani? Wataya mwana, ataye ndi mayi yemwe?"

"Nanga inuyo? Akudani mpaka kumanda."

"Andide. Ine amayi ndinawafunsa ngati mwana wawo, osati ngati wogonetsa. Pamenepo ndiye panga."

Ndinafuna kukuwa ndekha, khonde lonse limve. Anandigwira mkono mwamphamvu moti zikhadabo zinalowa.

Amayi anali atakhala pansi kumapeto kwa khondelo, miyendo atatambasula, osalira ngati ena onse. Achemwali podutsa, amayi anawagwira mpendero wa yunifolomu n'kunong'ona, ine ndikumva.

"Kanali kakang'ono, mwanangu. Theka la theka. Anali atalira mpaka mawu kutha."

Achemwali anawerama. Anamasula zala za amayi pansaluyo chimodzichimodzi, mosakalipa, n'kupita kukasamba m'manja, chifukwa pabenchi panali mwana wa munthu wina akudikirira.