Mapapaya Anga a ku Chelinda

Matipate atangoyamba, ananditumiza ku Chelinda kukagwira ntchito yosunga katundu. Ndinachoka kwathu ku Chikwawa ndi mbande zisanu za mapapaya m'zitini, kuti anthu a kumapiri akaone ulimi wa munthu wowerenga. Sukulu ndinalekeza sitandade 7, koma buku lililonse lotayidwa ndinkalitola.

Mkazi wanga sanatsegule buku. Anangofunsa mayi woyandikana nafe nyumba, n'kubzala kachewere.

"Abambo, kuno chanzeru chimabisala pansi," anatero mkazi wangayo. "Simunaone maluwa aja amaphuka udzu ukapsa? Moyo wake uli m'nthaka."

Zimenezo ndinali nditaziwerenga kale ineyo, ndipo n'zomwe zinandiwawa.

Mu Juni chisanu chinagwa. Mapapaya onse anafota ngati ndiwo zofutsa, ngakhale limodzi lomwe ndinaliveka juzi yanga. Masamba a kachewere wake anapsanso, ndipo kunena zoona ndinakondwa mumtima. Koma atakumba anadzaza madengu atatu, n'kugawirako anzake, iwo n'kumathokoza kuti, "Yewo chomene, mama," akudutsa pa zitini zanga.

Kachewereyo ndinadya ndithu, mbale ziwiri. Ndinangoti mchere wachepa.