Rezisita Yopserera

Ku koleji tinaloweza mitundu ya timizere ta pa rezisita, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya magetsi, kakang'ono ngati njere ya mpunga. Mzere wakuda ndi ziro, wofiirira ndi wani, wofiira ndi thuu, mpaka kukafika pa woyera. Aphunzitsi ankatipatsa rezisita zatsopano zokhazokha, zowala bwino, ndipo mayeso ndinakhoza.

Nthawi imeneyo ndinkakhala kwa azakhali anga ku Mchengautuwa. Tsiku lina anandiikira wailesi yawo patebulo. Inali itazima pakati pa uthenga wa maliro, dzina la womwalirayo lisanatchulidwe.

Nditaitsegula, fungo la kupsa linanditsogolera pa rezisita imodzi. Inali yakuda bii ngati khala, timizere tonse titapserera. Zinzake ndinaziwerenga mokweza, osaphonya ndi imodzi yomwe, koma zimenezo zinalibe vuto lililonse.

"Nanga yafayo ikuti chiyani?" anafunsa azakhali.

Ndinawauza kuti imeneyo siikuwerengeka, choncho sindingadziwe yoikapo m'malo mwake.

"Yewo chomene," anathokoza m'chinenero chakwawo, akukulunga wailesi ija m'chitenje kuti apite nayo kwa okonza kumsika. "Kani kusukulu kwanuko mumachiza osadwala."