Anandimanga Chifukwa cha Khola la Nkhuku

Anagogoda Loweruka m'mawa, mvula yoyamba itangogwa kumene, ine ndikumeta ndevu. Mkazi wanga ndiye anatsegula chitseko cha nyumba yathu ku Kabwata. Anali amuna awiri ovala masuti, ndipo anapereka moni mwaulemu.

"Ba ticha alipo? Tifuna tikambeko nawo pang'ono ku ofesi. Azabwela manje manje, sazachedwa."

Ndinapukuta sopo kumaso, tsaya limodzi losameta, n'kukwera galimoto yawo. Ndinabwerera kunyumba patatha chaka ndi miyezi ingapo.

Ndinali mphunzitsi wa Chingerezi pa sekondale ina. Madzulo ndinkakonza kolosiwedi ya nyuzipepala ina, masewera aja odzaza mawu m'timabokosi. Ndinkaikonda ntchitoyi kuposa kuphunzitsa. Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo m'mabasi anthu ankanong'onezana kuti asilikali ena akufuna kulanda boma.

Ananditengera m'chipinda cham'mwamba m'tauni, cha mawindo opaka penti. Wondifunsa anali wachinyamata, waukhondo, wolankhula mofatsa. Anayala kolosiwedi yanga ya sabata yapitayo patebulo. Mawu atatu anali atawazunguliza ndi inki yofiira.

"Ichi ni chani?" anatero, chala chili pa "coop".

"Ndi khola la nkhuku, bwana."

"Muganiza sitinapite kusukulu? Iyi ni kugwetsa boma."

Ndinamufotokozera kuti mawu amene ankaganizawo ndi "coup", ndipo amasiyana chilembo chimodzi.

"Ndiye mwachenjela pamene apo," anatero. "Mwasintha kamodzi chabe."

Achiwiri anali "March". Ine ndinkatanthauza mwezi wa Malichi, iye anawerenga kuguba kwa asilikali. Achitatu anali "barrack", kutanthauza kukuwiza munthu pamene akulankhula pagulu, koma iye anaona nyumba za asilikali. Atawawerenga motsatizana, nanenso ndinaona zimene ankaonazo.

Ankafuna dzina la amene anandipatsa mawuwo, ndi la amene ankayenera kuwawerenga. Ndinati ndinawatola mu dikishonale, ndipo owerenga sindikuwadziwa. Tsiku lotsatira kunabwera anthu ena amene analibe chidwi ndi matanthauzo a mawu. Kuyambira sabata imeneyo khutu langa lakumanzere silimva. Zina zimene zinachitika m'chipindamo ndinauza mkazi wanga yekha.

Khirisimasi isanafike anandisamutsira kundende, popanda mlandu, popanda khoti. Ndinapezamo bambo wina wa ku Chelstone, woyendetsa basi, mkulu wa mpingo wa Sabata. Anamumanga chifukwa cha munthu amene anamunyamula m'basi, yemwe sankamukumbukira n'komwe. Masiku oyamba sindinkalankhula. Iye ankanditembenuza ndikalephera kudzuka, osandifunsa kanthu. Nditayamba kukhala tsonga ndi pamene anafunsa.

"Ba ticha, nanga ivi vamene anakumangilani, vimaseweledwa bwanji?"

Ndinatenga kachidutswa ka sopo n'kujambula timabokosi pasimenti. Ndinayamba ndi mawu ofewa. Sanapite patali ndi sukulu, koma ankakonda mawu a matanthauzo awiri. Nditamuuza kuti "spring" ndi kasupe, ndi nyengo ya kwa azungu, komanso chitsulo chonjanja chija cha pansi pa basi, anaseka mpaka kutsokomola. M'mawa mwake anandidzutsa.

"Na ise mu Chinyanja tili nayo mau yamene ayo. Chimamela m'thengo, koma uchipeza futi pa malonda. Vilembo sikisi."

Ndinaganiza mpaka nthawi ya phala. Anali "mtengo". Kuchokera tsiku limenelo tinkasinthana, iye a Chinyanja, ine a Chingerezi. Anandigwiranso ndi "kulemera", kwa katundu ndi kwa chuma. Ine amene ndinakhala zaka ndikusakasaka m'chinenero cha eni, sindinaganizepo zoti changa chingaseweredwe chotero. Ndikanena kuti m'ndendemo ndinasekamo kwambiri, anthu amandiyang'ana modabwa, koma ndi zoona.

Woyang'anira ndende wina wachikulire ankaima pachitseko kutimvetsera. Tinkaopa kuti akatinenera, choncho tikamva nsapato zake tinkafufuta ndi madzi. Tsiku lina anakhosomola n'kuyandikira pawaya.

"Ba ticha, mwana wanga alemba mayeso chaka chino. Afunsa ati 'reluctant' ni chani?"

Ndinati ndi kuchita chinthu mtima usakufuna.

Anayang'ana makiyi amene anali m'manja mwake. "Oho," anatero. "Kanshi chili na dzina."

Zitatero ankabwera ndi mawu awiri kapena atatu pa sabata, atawaloweza pamtima chifukwa pepala silinkaloledwa. Nthawi zina ankasiya sopo watsopano pakhomo. Ndi iyenso amene anandiuza kuti mkazi wanga amabwera kugeti mwezi uliwonse, amamubweza, koma akuoneka wathanzi. Mwana wa woyang'anira ndendeyo anakhoza mayeso aja. Anatiuza ali chilili, nkhope ili kumbali, ngati akulankhula ndi khoma.

Ananditulutsa m'nyengo yozizira, Lachiwiri masana. Anandipatsa lamba ndi nsapato zanga.

"Mungapite. Musakambe vambili."

Palibe anandiuza chifukwa chake, monga mmene panalibe anandiuza mlandu wanga. Mnzanga wa basi anandigwira dzanja n'kundipatsa funso loti ndikaganizire panjira. Iye anatuluka chaka chotsatira, ndipo tinakhala tikuyenderana mpaka imfa yake.

Kunyumba ndinapeza mkazi wanga akusoka mayunifolomu a sukulu pakhonde. Ndi makina amenewo anadyetsa ana nthawi yonseyo. Anaimitsa phazi, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwaonda," anatero. Kenako anaphimba nkhope ndi nsalu imene ankasokayo.

Kusukulu sanandilandirenso, ndipo nyuzipepala ija inali itapeza munthu wina. Ndinayamba kuphunzitsa ana a ku Woodlands ndi Kabulonga m'makomo mwawo, ndipo tinkadya. Kolosiwedi sindinaisiye. Ndinkakonzera achinyamata a kumpingo kwathu, yambiri ya Chinyanja. Sindisunga mkwiyo, ngakhale kuti munthu akandilankhula kumanzere ndimakumbuka.

Anthu amandifunsa kuti ufulu ndinaumva liti. Sindinaumve pageti la ndende, chifukwa pamenepo ndinkangoopa kuti andiitananso. Unabwera m'mawa wina, patapita masiku angapo. Ndinavala nsapato, ndikufuna kungoyenda, kulikonse kumene miyendo ingandifikitse. Mkazi wanga anandiona ndili pageti.

"Atate ake, mukupita kuti?"

"Sindikudziwa," ndinayankha.

Ndinaima, mapewa ataumirira, kudikira chimene chinkatsatira yankho limenelo m'chipinda cha mafunso chija. Iye anangoti ndikabwere ndi buledi, n'kupitiriza kusoka.