Poloti ya Che Bwanali ku Biwi

Ndikakumbukira Che Bwanali, m'makutu mwanga mumayamba kulira hamala, ngo ngo ngo pa lata, kenako limabwera fungo la utsi wa makala losakanikirana ndi la chitsulo chotentha. Anali mmisiri wokhoma zidebe ndi mbaula, komanso eni poloti imene tinkachita lendi ku Biwi. Tinalipo mabanja angapo, zitseko zoyang'anana, mpopi umodzi, ndi chingwe choyanikapo zovala chimene amayi athu ankakanganirana Loweruka lililonse. Iwo anali Msilamu wa ku Mangochi, ife Akhristu a ku Dowa, koma ana tonse tinkawatchula agogo.

Ukali anali nawo, osanama. Ukangoponda lata lawo, ankakukalipira mpaka mzere wonse kudziwa dzina lako. Koma lendi sankakweza chisawawa, ndipo sindikumbukira banja limene anataya katundu wake panja.

Kenako m'misewu yathu yafumbi munayamba kudutsa magalimoto a magalasi akuda. Amalonda ochokera kunja ankagula mapoloti, kugwetsa nyumba, n'kumanga mipanda italiitali yosungiramo katundu. Ochotsedwawo ankalimbirana zipinda zotsala, ndipo lendi inakwera dera lonse. Tsiku lina dobadoba anafika kwathu, bwana wake atatsala m'galimoto.

"Madala, abwanawa apereka madola," anatero.

Che Bwanali sanasiye n'kukhoma komwe. "Madolawo adzagona chipinda chiti? Zonsezi muli anthu."

Tinaseka mpaka kugwira nthiti, tili ndi chikhulupiriro chakuti pamenepo sitidzachokapo.

Koma ukalamba sugogoda. Manja awo anayamba kunjenjemera, hamala n'kumaphonya, ndipo anaganiza zobwerera kwawo kuti akagone pafupi ndi makolo awo. Analumbira kuti poloti adzagulitsa kwa Mmalawi mnzawo basi, ngakhale pa mtengo wotsika. Ndiye kunabwera mnyamata wina waulemu wake, wopereka moni atanjuta, chipewa chili m'manja. Anakhala nawo pamphasa, kumwa nawo tiyi, kuwalankhula Chiyao.

"Agogo, anthuwa sindiwachotsa. Nanenso ndinakulira m'nyumba ya lendi."

Poloti anamugulitsa mnyamatayo. Tsiku lonyamuka, Che Bwanali anagwira amayi anga dzanja. "Amake Tadala, ndakusiyani m'manja mwa mwana wakuno. Muzigona tulo."

Mnyamatayo chake linali dzina lokha. Ndalama zinali za bwana wa m'galimoto uja. Mvula isanagwe, tinauzidwa kuti tisamuke, ndipo m'Biwi monse sitinapeze chipinda chimene bambo akanakwanitsa. Tinakwezera katundu pangolo mpaka ku Chinsapo, ine ndikulira njira yonse.

Che Bwanali ankaimba foni kuchokera ku Mangochi. "Mpopi uja anakonza? Nanga Tadala, akadali wosamva?" Amayi ankatikodola ndi dzanja kuti tichite phokoso, n'kulozetsa foni kwa ife. "Mukumva, agogo? Pabwalo panu pakadali chonchi." Iwo ankaseka mpaka kutsokomola. Anamwalira akukhulupirira kuti anatisiya pabwino.

Masiku ano pa wailesi ndimamva anthu akukangana zoletsa akunja kugula malo. Ena amati ndi tsankho, ena amati tachedwa kale. Ine ndimangodzifunsa kuti, dzina la papepala adzaliona, nanga mwini ndalama adzamuona ndani? Ndimagwira ntchito m'tauni, koma malipiro anga sangandilowetse m'chipinda cha ku Biwi. Ndikadutsako pa minibasi ndimasuzumira pawindo, ndipo ndimawasowa agogo aja mpaka mtima kuwawa.

Mwana wanga wasamuka kale nyumba zingapo asanayambe n'sukulu yomwe. Tsiku lina tikumanga katundu anandifunsa kuti, "Amayi, ifeyo kwathu kwenikweni ndi kuti?" Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ku Biwi, koma ndinalibe khomo loti ndidzamulozere.