Chithunzi cha pa Khola la Eni

Ine sindinama, ndipo pa msinkhu wangawu sindingayambe lero. Izi zinandichitikira ku Tsangano, masiku amene ndinkayenda pa njinga kujambula anthu zithunzi.

Mayi wina wokwatiwa ku Manjawira anandituma kukajambula manda a bambo ake, poti iye ankadwala ndipo ankafuna kuwaona asanatsikire kuli chete. Anandiuza kuti mandawo ali pafupi ndi khomo la khola la ng'ombe, monga ankaikira akuluakulu a Chingoni, koma sanandiuze kuti iye ndi mchimwene wake, mwini pakhomopo, ankalimbirana malo.

Ndinafika masana, pakhomo pali zii, anthu ali kokumba kachewere. Sindinadikire. Ndinali ndi kapepala ka bizinesi kochokera ku boma, ndipo ndinkayesa kuti ndi kameneko ndingajambule paliponse. Ndinalowa mumpanda, n'kunjuta, n'kujambula kawiri.

Podzuka ndinapeza mwini wake ataima kumbuyo kwanga, khasu lili m'manja. Sanakuwe. Anangondifunsa kuti wandituma ndani kudzayeza malo a bambo ake. Pamene ndinkapisa m'thumba kufuna kapepala kaja, anthu anali atadzaza kale, ena akuti ndine wogulitsa malo, ena akuti ndine namapopa, ndipo kapepalako palibe anakayang'ana. Kodi munamvapo fungo la petulo likuchokera kumbuyo kwanu, wonyamulayo osamuona? Ndinadziwa kuti akufuna kunditentha. Ine amene sindinagwadirepo munthu ndinagwira mapazi a mwamuna wamng'ono kwa ine.

Ndinatchula dzina la mlongo wake, n'kunena kuti ali gone. Mwamunayo, khasu lili chigwirire, anauza anthuwo kuti mlandu ndi wa pakhomo pake, asandikhudze. Anandilamula kufufuta zithunzizo iye akuona, nati ngati mlongo wakeyo akufuna manda, abwere ndi mapazi ake. Mayiyo anamwalira osawaona.

Wapolisi amene ndinakamudandaulira anandiuza kuti pamsewu ndingajambule, koma mumpanda mwa munthu chilolezo chimachokera kwa mwini wake, choncho wolakwa ndinali ine. Zinandiwawa, koma sindinatsutse.

Lero ndimakhulupirira kuti ndikanakhala pansi pakhonde paja mpaka mwini wake atabwera, mwina mayi uja akanaona manda a bambo ake. Inu amene mumangotukula foni paliponse, yambani mwaodira, ndipo akakana bwezani m'thumba. Tsiku limenelo kapepala ka boma sikanazimitse machesi a munthu aliyense.