Zigoli zanu, a Mbewe

A Mbewe, lero chakwana chaka chitisiyireni, Covid itakutengani. Pagulu la WhatsApp la timu yakwathu anthu akukangana ngati dzina lanu likuyenera kulembedwa pakhoma la akatswiri. Ena akuti munagoletsa zigoli zochepa. Inenso ndinalankhulapo zomwezo inu mukumva.

Inali nthawi ya m'bindikiro, m'chipinda chathu ku Al Quoz, kunja kwa dziko komwe tinkagwira ntchito. Mutu wanga unali pa mwana wanga wakhanda kumudzi, inu n'kumandionetsa chithunzi chanu muli mu jezi. Ndinati, "Khalas, basi madala, zigoli zake zili kuti? Mpira wanuwo unadyetsa ndani?" Anzathu onse anaseka, inu munangobweza chithunzicho m'chikwama. Lero ndi pamene ndamva kuti munkasewera kumbuyo, ntchito yanu inali yotchinga. Sindinakufunseni n'komwe. Ndikhululukireni, madala.