Filimoni, Yunifolomu ya Malipenga Si Yopalasira Bwato

Filimoni, iwe amene umalemba sewero lanthabwala la Lamlungu masana pa TV, unandinamiza. Ndikukutchula dzina chifukwa unakhala pakhonde panga kuno ku Kande, unamwa tiyi wanga ndi chinangwa, uku ukudziwa chimene ukufuna kundichita.

Owerenga, mumandidziwa. Sabata iliyonse ndimalemba pano za masewero oseketsa a pa TV. Labwino ndimati labwino, lachabe ndimati lachabe. La Filimoniyu ndinaliyamikirapo, makamaka lija la mlaliki wa mu minibasi amene anapitirira siteji yake ali mkati mwa pemphero.

Lero ayi.

Mwezi watha anabwera ndi anzake awiri, kamera ili paphewa. Akuti, "Ada, tikufuna dziko lione chikhalidwe cha Atonga. Tibwerekeni yunifolomu imodzi ya malipenga, tsiku limodzi lokha." Mwana wa ku Lilongwe kuchita kunditcha "ada", mawu athu aulemu, kuti mtima wanga ufewe. Unafewadi.

Ine ndine Kingi wa boma lathu. Musaganize boma la nduna ayi, kuno gulu lovina malipenga timalitcha boma. Makiyi a bokosi la mayunifolomu amakhala ndi ine. Lamulo lake ndi lakuti bokosilo silitsegulidwa popanda akuluakulu, ndipo zoyera zija zimavalidwa pabwalo la gule basi. Lamulolo ndinaliswa. Ndinati dziko lonse likatiwona tikuwala, angandidzudzule ndani? Yunifolomu anabweza yochapa, yosita bwino, ine osadziwa kanthu.

Lamlungu lapitali tinadzadza pa golosale ya aNyabanda, pamene pali TV ya sola. Anthuwo ndinachita kuwaitana ndekha, khomo ndi khomo.

Ndiye tinaona chiyani?

Munthu ali m'bwato. Malaya oyera, kabudula woyera, masokosi ofika m'mawondo, kansalu kofiira ka boma lathu kali pathumba. M'malo moponya ukonde, akusita mpango ndi simbi ya makala m'bwato momwemo. Mkazi wake ali kumtunda akukuwa kuti kunyumba kulibe ndiwo, iye akuti dikira, nsomba zisandione ndili wamakwinya. Kenako kuliza lipenga kuitana usipa. Bwato kugubuduka. Iye kutuluka m'madzi ali thope lokhalokha.

Ambiri anaseka. Akuluakulu a boma sanaseke. Ada Wiliyamu anaimirira. Amenewa ndi dokotala wa boma lathu, ntchito yawo ndi kuyendera mzere tisanalowe m'bwalo, kuona zikhadabo, kolala ndi masokosi.

"Kingi, kansalu kofiira kaja ndi ka ndani?"

"Ndi kathu."

"Bokosi tinatsegula liti?"

Anandiloza chala n'kupitiriza.

"Ine ndinachotsa mwana wanga weniweni pamzere chifukwa cha kadontho ka tiyi pamalaya. Inu mwapereka malaya kuti akagwere m'thope dziko lonse likuona. Tionana Loweruka."

Loweruka kuli msonkhano, ndipo nkhani yake ndi imodzi: ndikhalebe Kingi kapena ndipereke makiyi. Boma limeneli ndalitsogolera kuyambira ndevu zanga zili zakuda. A boma la ku Tukombo, amene tikupikisana nawo mwezi wamawa, apeka kale nyimbo ya Kingi wosita m'bwato. Dzana ndikudutsa pamsika wa Chintheche, mayi wina wogulitsa mpunga akuti, "Ada, simbi mwaisiya kuti?"

Ndinamuimbira foni Filimoni. Mukudziwa chimene anandiyankha? "Ada, ndi komedi chabe, musazitengere pamtima."

Komedi chabe? Nanga bwanji sunanene kuti ndi komedi pamene unkapempha? Bwanji unati chikhalidwe? Ine sukulu ndinalekezera sitandade 5, koma kupempha ndi kunamiza ndimakusiyanitsa.

Musandimve molakwa. Ine sindikana kusekedwa. Atonga timakonda kutchena, zimenezo ndi zoona. Bambo anga ankapita kumunda wa chinangwa chipeso chili m'thumba. Sekani zimenezo, nanenso ndiseka. Koma munthu wa kuno amene wavala zoyera za malipenga sayandikira ngakhale thandala la usipa. Ndipo amene amavina zoyerazo ndi asodzi omwewo amene amadyetsa mabanja awo ndi anu omwe m'tauni. Mtonga wosita mpango ana ali ndi njala, munamuona kuti?

Vuto la olemba masewero a masiku ano ndi ulesi. Nthabwala zikawathera, amangotola mtundu wa anthu. Sabata ino mlonda wogona pantchito ndi Mlomwe. Sabata yamawa wosokoneza Chingerezi ndi Myao. Ikubwerayo ndi Mtonga wa suti wopanda chakudya. Kuvala chovala cha eni, kupotoza lilime, basi mwamaliza ntchito? Kodi m'dziko muno zoseketsa zatha? Mzere wa kuchipatala mulibe nthabwala? Magetsi othima pakati pa ukwati mulibe nthabwala?

Ndinene china chimene chikundiwawa. Tikutuluka pa golosale paja, anandigwira mkono bambo wina wa ku Mulanje amene amagwira ntchito ya mphira ku esiteti. Timaonera limodzi sabata iliyonse.

"Achimwene, lero yakupezani inu eti? Ife akwathu amatiika ulonda mwezi ndi mwezi, inu kuseka mpaka kugwa pa benchi."

Ananena zoona. Ndinkaseka. Ndinalembanso pano kuti sewero la mlonda lija linali lokoma. Mawu amenewo ndawabweza lero, aliyense awerenge.

Kulakwa kwanga ndikukudziwa. Bokosi ndinatsegula ndekha, ndipo Loweruka ndikavomera ndi pakamwa panga. Koma anthu kuno akuganiza kuti ndinadziwa za bwato ndi thope, kuti ndinagulitsa ulemu wa boma dala kuti dzina langa limveke. Tchimo limenelo si langa. Limenelo ndi lako, Filimoni, ndipo sindikusenzera.

Msonkhano ukuyamba 2 koloko masana pabwalo lathu. Minibasi zilipo tsiku lililonse. Ubwere, uime pamaso pa Ada Wiliyamu ndi boma lonse, unene mawu amene unandiuza popempha yunifolomu, osachotsa osawonjezera. Ukatero, akandichotsa andichotse chifukwa cha makiyi, osati chifukwa cha bodza lako.

Pepani wa pa foni sindikumufuna. Ndikufuna nkhope yako, Loweruka.